Ndinangoti Athu

Ndinalota andilandira mu timu ya mpikisano wa kesi. Amene anabwera kudzanditenga anali Sungeni, mesho wanga, munthu amene tagona naye chipinda chimodzi kuyambira chaka choyamba pa yunivesite, amene amadziwa pamene ndimabisa sopo komanso mmene ndimalirira. Anandigwira dzanja n'kunditsogolera m'khonde lalitali la sukulu ya zamalonda. Simenti inali yofewa ngati mulu wa zovala, moti ine ndinkamira mpaka m'akakolo. Sungeni ankayenda bwinobwino ndi nsapato zake zagogoda.

Mpikisanowu ndi wosavuta kuumvetsa, ngakhale kutulo. Ophunzira anayi amasankha bizinesi yeniyeni, amaifufuza, amapeza pamene ikudwala, kenako amaima pamaso pa oweruza atavala majekete akuda n'kunena mankhwala ake. Bizinesiyo ndi imene amaitcha kesi. Opambana amakwera ndege kukapikisana kunja, ndipo akabwerako ntchito ndi imene imawafunafuna. Ine mpikisanowu ndinkaufuna moti ndinkachita manyazi ndi mmene ndinkaufunira.

M'chipinda tinapezamo anyamata atatu. Panali Mzati, amene amati masamu amamuopa, ndi awiri ena, Wongani ndi Upile, amene ankayankhulira pamodzi ngati kwaya. Ndinawerenga mitu, ndi wanga womwe, n'kupeza isanu. Sungeni anandiuza kuti ndisiye kuwerenga, imeneyo ndi ntchito ya Mzati.

Chimene chinkasowa chinali kesi. Makolo awo onse ndi a m'maofesi, anthu amene pakati pa mwezi sipawaopsa, ndiye panalibe aliyense wodziwa bizinesi imene angailowe mpaka kuchipinda. Onse anatembenuka n'kundiyang'ana. Ine ndi kamwa langa ili, ndinafuna kuoneka wothandiza.

Ndinati, "Amayi athu amagulitsa kaunjika ku Limbe."

Kwathu ndife a ku Ntcheu, ndipo m'nyumba mwathu munthu sanena kuti amayi anga. Ukayesa, amakufunsa ngati unawagula. Timati amayi athu, bambo athu, kwathu, ngakhale ukhale mwana mmodzi yekha ngati ine. Ndi ulemu basi, palibe amene amaganiza kuti waitana anthu. Koma mawu aja atangotuluka, "athu" anagwa kuchokera pakamwa panga n'kugunda patebulo, go! Linali batani lakuda la mabowo anayi. Linagubuduzika kudutsa pakati pa malaputopu n'kukaima pamaso pa Sungeni. Iye analitola, analipukuta, n'kuliika m'thumba.

Anati, "Tathokoza. Mwanena nokha kuti ndi athu."

Chidziwirane, Sungeni amanditi iwe. Apa m'pamene anayamba kunditi inu.

Khoma la kumbuyo linatseguka, msika wa ku Limbe unalowa m'chipinda ndi fumbi lake lomwe. Amayi analowa akukankha belo lalikulu kuposa iwowo. Anagwada pang'ono popereka moni kwa anzanga aja, poti kwa iwo aliyense wa pa yunivesite ndi bwana. Anadula mawaya a belo, ndipo m'malo moti zovala zitumphukire mbali zonse monga zimachitira, munatuluka majekete akuda atatu, akuyenda okha, n'kukaima pamzere.

Lalikulu linayankhula m'malo mwa anzake. Linati, "Ife tavalidwapo ndi anthu ena kutsidya kwa nyanja. Sitisankha munthu. Timatenga thupi la amene walowa."

Anyamata aja analowa, aliyense m'lake, n'kutalika pompo. Mawu awo analemera, ndipo Upile anamera ndevu.

Sungeni anati pakusowa jekete limodzi. Amayi anapisa dzanja pansi pa belo, kumene kunali sutukesi yathu ya kunsi kwa bedi, n'kutulutsa jekete la bambo. Bambo anali telala pakhonde la sitolo ya Mmwenye, ndipo anamwalira ndili folomu 2. Atatsala pang'ono kugona osadzukanso anasankha jekete limeneli m'belo la amayi, analifupikitsa manja, analibweza m'chiuno, akuyerekeza msinkhu umene mwana wawo adzakhale nawo akadzakula. Ulusi wakuda unawathera, ndiye mkati mwa kolala anamalizira ndi wobiriwira. Amayi sanaligulitse ngakhale chaka chija tinkagonera madeya. Linkadikira tsiku limene ndidzaime pamaso pa anthu akuluakulu.

Ndinatambasula manja kuti ndilivale. Sungeni anali atalowamo kale. Linamukhala bwino, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa china chilichonse.

Jekete lija linati, "Pepani, ndinkadikira inu. Koma chovala sichithawa."

Ndinafunsa kuti nanga ine ndivala chiyani. Sungeni anandikhazika pampando wapakati n'kundifotokozera mofatsa kuti malamulo amalola anthu anayi, koma timu yanzeru imakhala ndi wachisanu wodikira, mwina wina n'kudwala. Anati, "Inu tikusungani." Dzina lake lomwelo. Kenako Wongani ndi Upile anabweretsa lichero la masuku n'kulikhazika pamutu panga, ndipo onse anayi anakokera mipando pafupi n'kuyamba kudya, nthangala akulavulira pamiyendo panga. Tanthauzo lake ndinkalidziwa, ndani salidziwa? Komabe ndinaumitsa khosi kuti lichero lisagwe. Ndinali ndikanali ndi chiyembekezo choti mwina Upile adwala malungo.

Atakhuta anayamba ntchito. Kesi, anatero Mzati, siinyamulidwa yathunthu, imagawidwa, aliyense n'kukayankhula gawo lake. Anawaimika amayi patsogolo pa pulojekita. Mzati anatenga manja, chifukwa ndi amene amadziwa nsalu yabwino asanaione, ndipo anati awasandutsa manambala. Manjawo anachoka mosavuta ngati a malaya. Wongani anatenga mfuu yawo, ija amaitanira makasitomala kuyambira pa siteji ya minibasi, n'kuwasiyira kamawu konong'ona. Upile anatenga msana umene umasenza belo. Sungeni anatsalira, akuwazungulira pang'onopang'ono ngati mmene amachitira akabwera kwathu patchuthi kudzasankha mabulauzi amene sanalipirepo. Anasankha maso. Anati oweruza amaiwala manambala, koma maso a mayi wamasiye saiwalika.

Ndinafuula kuti asiye. Amayi ndi amene anandiletsa, ndi kamawu kaja. Anati, "Ndaziona, usachite mwano pamaso pa anzako. Ndi za sukulu yako izi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye."

Anatero alibe ngakhale dzanja limodzi. Anabwerera pamalo awo mumsika muja n'kupitiriza kugulitsa, akutembenuza zovala ndi mapazi, akumwetulira kumene kunalibe munthu.

Kuseri kwa nsalu yoyera ya pulojekita kunkamveka makina osokera. Ndinatula lichero lija n'kupita kukasuzumira. Anali bambo, atakhala pampando wawo wa miyendo itatu, tepi ili m'khosi, akupalasa makina opanda nsalu. Sanakalambe. Ine ndi amene ndinali nditawapitirira kutalika. Ndinagwada, iwo anasiya kupalasa.

Anati, "Ndazi, jekete lija ndinayeza bwino?"

"Munayeza bwino, bambo. Koma lavalidwa ndi wina."

"Ndaona. M'khwapa likumuthina, koma sanena."

Ndinawauza za batani, kuti lili m'thumba la Sungeni ndipo ndikufuna ndikalilande. Anapukusa mutu. Anati batani likatayika telala salira, amasoka lina. Anandiuza kuti tsiku la mpikisano ndikaime pakhomo la holo, ndipo akandifunsa, ndikanene kuti amayi anga. Kamodzi kokha, mokweza, kuti amve mpaka okhala kumbuyo.

Ndinati, "Bambo, si inu nomwe munkandifunsa ngati ndinawagula?"

Anati, "Nthawi imeneyo ogula anali asanafike pakhomo."

Anayambanso kupalasa, ndipo phokoso la makinawo linasanduka la anthu ambiri akuwomba m'manja. Tsiku la mpikisano linali lafika lokha, osadikira kuti kude n'kucha.

Ndinathamangira ku holo yaikulu. Njira yonse inali yoyalidwa kaunjika, ndipo mathalauza ankandigwira miyendo n'kumandifunsa ngati ndili ndi chiphaso. Nditafika ndinapeza chitseko cha holo ndi galasi la amayi lija, long'aluka pakona, limene makasitomala amadziyang'anirapo akamayesa zovala. Linali litakula mpaka kudenga. Sindinkadziona m'menemo. Ndinkaona za mkati, zonse, bwinobwino.

Galasi linati, "Muno mumalowa ovala majekete, ndi eni ake a kesi. Inu ndinu ndani?"

"Ndine mwana wawo."

"Nenani kuti iwo ndi ndani kwa inu."

Ndinakoka mpweya. Ndinali nditakonzeka, mawu a bambo ali m'khutu. Ndinati, "Amayi athu."

"Athu alowa kale," linatero galasi.

Mkati oweruza anali atakhala patebulo lalitali, aliyense ndi botolo la madzi limene silinkatha. Amayi anali atakhazikidwa pampando pakati pa bwalo. Iwo mawu akuti kesi amangowadziwa ku khoti, kumene anapitako kamodzi kukaperekera mnzawo umboni, ndiye atamva kuti pali oweruza anatsika pampando n'kugwada pansi. Anati, "Mlandu ndikuuvomera, mabwana. Bola mwana akhoze." Oweruza anagwedeza mitu, wina n'kunena kuti kesi yodziwa kulakwa kwake ndi yosowa.

Mzati anaika manja aja patebulo n'kuwalamula kuti asonyeze zimene amachita. Manjawo anatola jekete la woweruza wina pamapewa, analisisita, analitembenuza n'kuliponya pamulu wa zotchipa. Anthu anaseka. Mzati anati apa m'pamene pali vuto, bizinesi yonse ili m'zala za munthu mmodzi, ndipo timu yathu yapeza njira yochotsera zalazo. Wongani anatsegula pakamwa, n'kutuluka mfuu ya amayi, "Sankhani, sankhani, belo latsopano!" Holo yonse inanjenjemera, ndipo iye anafotokoza kuti phokoso lotereli ndi lachikale. Upile anawerama ndi msana uja kuti anthu aone mmene unapindikira, kenako anauvula n'kuutsamiritsa kukhoma.

Womaliza anali Sungeni. Anayenda mpaka kutsogolo, anamanga batani la jekete la bambo, n'kuphethira ndi maso a amayi.

Anati, "Amayi athu anatsala okha ndili folomu 2."

Ananena zonse. Ananena za telala wa pakhonde la sitolo, za chaka cha madeya, za tsiku limene amayi anagwa ndi belo pa mlatho n'kudzuka akuseka kuti mwana asaope. Izi ndinamuuza ine, m'chipinda chathu, tsiku limene ndinalephera mayeso a akawunti, iye akundisisita kumsana. Sanasinthe liwu ngakhale limodzi. Pamene ine ndinkaima kuti ndimeze malovu, nayenso ankaima pomwepo. Anapinda kolala n'kuonetsa oweruza ulusi wobiriwira. Misozi inatsika, ndipo ndinaizindikira. Inali yanga.

Ndinamuda Sungeni pamenepo, chidani chenicheni. Ndipo ndinkamusowanso, chifukwa zinthu zoterezi zikandichitikira munthu amene ndimakamuuza ndi iyeyo.

Ndinamenya galasi ndi zibakera. Linandifunsanso funso lomwe lija, mwaulemu womwe uja. Ndinayesa. Lilime linkanyamuka bwinobwino kupita kwa "anga", koma likafika pakati linkakhota lokha ngati ng'ombe yodziwa khola lake. Ndinati athu. Mzere wonse wa kutsogolo unaimirira n'kunena kuti, "Zikomo," aliyense n'kupita kukasolola ulusi umodzi pachitenje cha amayi. Ndinayesanso, n'kutulukanso athu. Mzere wachiwiri unaimirira. Ndinaona aphunzitsi, alonda, ngakhale anthu a matimu ena, onse akubwerera m'mipando ndi kaulusi kawo. Chitenje chinkafupika. Amayi ankathokoza aliyense wobwera.

Woweruza wamkulu anakweza dzanja. Anati latsala funso limodzi, ndipo ndi la kesi mwini wake. "Mayi, mwana wanu ndi uti pa amenewa?"

Amayi anadzuka movutika. Analibe maso oonera, analibe manja opapasira. Anayenda kutsogolo kwa anayi aja, akuika tsaya paphewa la aliyense. Kwa Mzati anadutsa. Kwa Wongani ndi Upile anadutsa. Atafika pa jekete la bambo anaima, n'kukoka mpweya. Linali likununkhirabe mafuta a makina. Anasiya tsaya lawo pomwepo, ngati munthu wafika kwawo atayenda ulendo wautali.

"Uyu," ananong'ona. "Ndaziona wanga ndi uyu."

Iwo ananena kuti wanga. Sindinawamvepo akutero moyo wanga wonse, ndipo tsiku loyamba kunena, ananenera paphewa la wina. Sungeni anawakumbatira. Ali chikumbatirire anakweza maso n'kundiyang'ana kudzera pagalasi, popanda mkwiyo, popanda manyazi. Anali maso a amayi, ndiye anandiyang'ana mwachikondi.

Galasi linati, "Tikutseka. Ndikufunsani komaliza."

Kumbuyo kwanga makina a bambo ankapalasidwa mothamanga. Ndinamva chinthu cholimba chikukwera kukhosi, chozungulira, cha mabowo anayi, chatsopano. Ndinatsegula pakamwa. Ndinati, "Amayi a..." ndipo batani lija linaima pammero, osatuluka, osabwerera.

Ndinadzidzimuka tsaya lili patebulo la mulaibulale, dzuwa la masana likuwomba pazenera, foni ikunjenjemera pafupi ndi khutu langa. Ndinatuluka nayo panja. Msonkhano wa timu unachitikadi mlungu watha, ndipo mawu aja a kaunjika wa amayi ndinawanenadi. Chiyambire tsiku limenelo, ndikafunsa kuti tikumana liti, Sungeni ankangoti andiuza. Mpikisano unali mawa lake.

Pafoni paja anali amayi. Kumbuyo kwawo kunkamveka msika wonse.

"Ndaziona, anzako aja angochoka kumene. Aulemu bwanji ana amenewa! Andijambula, andifunsa mafunso mpaka kukhosi kwauma. Ati iwe watanganidwa ndi mabuku."

Ndinafunsa kuti anali angati.

"Anayi. Ndawapatsa majekete, obwereka, abweza. Atatu ndatenga pamulu. Sungeni lomukwana linasowa, ndiye anati iwe wanena kuti atenge lija la bambo ako. Tinachita kupita kunyumba kukatsegula sutukesi. Ndinadabwa pang'ono, koma ndinati poti mwini wake walola. Nanga iwe uvala chiyani?"

Ndinatsamira khoma la laibulale. Nkhanga zinapangana kusanapse. Kukhosi kunali kukuwawabe pamalo pomwe paja. Ndinatsokomola.

Ndinati, "Amayi anga."

Anaseka, kuseka kwawo kuja kotembenuza anthu mumsika. "Anga? Unandigula liti?"

"Sindinakuguleni. Koma mawa anthu akakugulitsani mu holo, ine ndili panja. Mu timu mulibe dzina langa. Za jekete sindinanene ine."

Kuseka kunatha. Ndinkamva maminibasi, wina akuitanira makasitomala a nsapato, ndi mayi wina pafupi akufunsa ngati siketi iyi ilipo yaikulu pang'ono.

"Ndiye jekete la bambo ako likalowa m'menemo lopanda iwe?"

"Inde."

"Khala pomwepo."

Foni sanaidule, anangoiika m'chitenje. Ndinawamva akumupepesa mayi wa siketi uja, akumuuza kuti abwere mawa, lero atseka. Dzuwa linali likadali pamutu. Chimwalirireni bambo, amayi anali asanatsekepo masana.